Bolopeni yofiira m'kope la a Makwinja

Nditakhoza mayeso a Fomu 4 ndinakhala miyezi ingapo kwathu ku Mtiya ndikungotembenuka ndi dzuwa. Kenako mnzanga anandinong'oneza kuti sukulu ina yamasana ku Songani ikufuna wophunzitsa Chingerezi. Ahedi, mayi Chikopa, anandimvetsera pang'ono chabe. "Tikuyesani teremu imodzi," anatero, n'kundipatsa choko, dasitala ndi bolopeni yofiira.

Ophunzira anga anali akuluakulu obwereza mayeso. Chinkawazunguza mutu ndi timawu totsatira mneni tija: kuti timati "listen to" ndi "depend on", kuti "want" amayenda ndi "to go" pomwe "enjoy" amayenda ndi "going". Ndinkalemba ziganizo khumi pa bolodi n'kusiya mipata, iwo n'kudzaza m'makope, ine n'kuchonga.

Vuto linali mmodzi mwa ophunzirawo, a Makwinja, mkulu wampingo kwathu, amene anandiona ndili kumsana kwa mayi. Ankalondera panyumba ina ya alendo pamwamba pa phiri, ndipo mabwana anawalonjeza ntchito yolandira alendo pa desiki akangopeza satifiketi. Ha, imvi zonse zija, ine mwana wadzulodzulo ndiwathethe? Akalakwa ndinkangodumpha, pansi n'kulemba kuti ayesetsa.

Tsiku lina ahedi anatolera makope mwadzidzidzi. Pondiitana ku ofesi, kope la a Makwinja linali chitsegukire patebulo.

"Bolopeni ija inatha inki? Bambowa akalephera, mwawalepheretsa ndinu. Konzani lero lomwe, apo ayi choko musiye pompano."

Ndinakakhala kuseri kwa kalasi n'kuyamba kuthetha kuchokera tsamba loyamba. Kope lonse linafiira psuu! Nditalowa ndinagwada n'kupereka kopelo kwa a Makwinja ndi manja awiri. Iwo anatsegula tsamba ndi tsamba.

"Ndiye kuti miyezi iwiri yonseyi mwakhala mukundinamiza, aphunzitsi?"

"Ndimaopa kukuchititsani manyazi, bambo."

"Manyaziwo ndikadakachita pamaso pa alendo. Ine ndimatsika phiri lonse lija wapansi kuti mudzandikonze, osati kudzandisisita."

Misozi inalengeza, sindibisa. Kuyambira tsikulo tinkatsalira theka la ola ena akaweruka. Ziganizo za m'buku ndinazisiya, n'kumapanga za kuntchito kwawo: kufunsa mlendo chimene akufuna kudya, kumupepesa pomudikiritsa, kumuthokoza pobwera. Akalakwa ndinkathetha pamaso pawo, iwo n'kumaseka, "Eya, menyani pomwepo!"

Mayeso anakhoza, desiki anaipeza, nanenso teremu yachiwiri ndinaiona. Ndinakwera dala kuphiri kuja kukawamvera akulandira alendo m'Chingerezi chosapunthwa, ndipo potsika ndinkayenda ngati msewu wonse ndi wa bambo anga.

Mpaka lero ndikuphunzitsabe, ndipo akuluakulu sasowa m'kalasi mwanga. Powapatsa kope ndimagwada ndithu, koma cholakwa chilichonse chimakhala chothethedwa.