Mwasuta Kale, Agogo

Ndikukumbukira fungo la chingambwe pakhonde la agogo anga aamuna, a Nahuwo, kwathu kwa Nazombe. Linali fungo lokakamira. Linali m'jekete, m'ndevu, ngakhale mphaka wawo ankanunkha fodya. Anayamba kusuta ali mnyamata kumaesiteti a tiyi, ndipo zala zawo ziwiri zinali zitafiira ngati msomali wadzimbiri.

Nkhondo ya ine ndi iwo inayamba ndili Fomu 2, matipate atangolowa kumene. Agogo anatulukira kuti pepala la m'kope langa limapichirira fodya bwino kuposa nyuzipepala. Tsiku lina ndikutsegula kope la Bayoloje ndinapeza mtima wa munthu, umene ndinajambula movutikira, palibe. Anali atausuta. Basi ndinabwezera. Ndinayanika masamba a nandolo, kuwafikisa, n'kuwathira m'kachitini kawo m'malo mwa fodya. Anakoka utsi, kutsokomola, n'kuyang'ana kuphiri, amvekere mvula ya chaka chimenecho inasukulutsa fodya. Ine kuseri kwa nkhokwe ndikugubuduka ndi phwete. Atandigwira ananditcha mbava, ndipo dzinalo linandikhala.

Kenako agogo anayamba kuiwala. Poyamba tinkaseka akamafunafuna chipewa chili kumutu. Koma anayamba kuitana amayi ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. M'mawa wina anthu otola nkhuni anawapeza panjira ya ku Fort Lister, akuti akuchedwa kuntchito, ntchito imene anasiya ine ndisanabadwe. Pamjigo anthu anayamba kunong'ona kuti mdala woyendayenda chonchi ndi mfiti. Apo m'nyumba mwathu kuseka kunatha.

Amayi anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Adokotala anati si ufiti, ndi matenda a ubongo. Anati ukalamba ulipo, koma utsi wa fodya nawo umawononga mitsempha yopititsa magazi kumutu, ndiye osuta amakhala pachiopsezo chachikulu. Zimene zapita sizibwerera, koma kusiya fodya kungateteze zotsalazo.

Kunena n'kosavuta. Amayi atabisa kachitini, agogo anakalipa m'Chilomwe tsiku lonse, kukana chakudya, n'kunyamuka kukafuna fodya kumsika, njira osaidziwanso. Madzulo amayi anandiitana kuseri kwa nyumba. Amayi omwe aja ankandikwapula chifukwa cha masamba a nandolo!

"Elube, nzeru zako zaukathyali zija, lero zigwire ntchito."

Sindinadikire kuti abwereze. Ndinasunga kachidutswa ka ndudu kopserera ndi kaphulusa m'chibiriti. Agogo akamawodzera masana pampando wawo wandalema, ndinkaika kachidutswako pafupi ndi phazi lawo, kuwaza phulusa pabondo, n'kuwapaka fodya pang'ono kunsonga za zala. Akadzuka n'kuyamba kupapasa m'matumba, ine ndili phee ndikusenda chinangwa.

"Mwasuta kale, agogo. Si iko kali pansipo?"

Ankayang'ana pansi, kununkhiza zala, kenako n'kugwedeza mutu. Tsiku lina mpaka anayamikira kuti fodya ameneyo anali wabwino. Ndinawapatsa mtedza wokazinga kuti pakamwa pasasowe chochita. Sikuti zinkatheka nthawi zonse, masiku ena ankandiyang'ana mokayika n'kutukwana. Koma pofika nthawi yokolola anali atasiya kupapasa m'matumba, chifuwa chinachepa, ndipo zothawira kumsika zinatha.

Kuiwala kokha sikunathe. Nditabwera kuholide ndili Fomu 4, amayi anandichenjeza kuti ndisakhumudwe, mayina onse anali atawathawa. Ndinagwada n'kuwapatsa moni agogo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako dzanja lawo linathamangira kuthumba la jekete, mmene munalibe kanthu chaka chathunthu.

"Bisani fodya, mbava ija yabwera."

Amayi analira. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi, chifukwa m'mudzi monse ndine ndekha amene anandizindikira.

Masiku ano pawailesi amakamba za matenda oiwalaiwala, ndipo ambiri akumva kuti nkhalamba yosochera imafunika kuiperekeza kunyumba, osati kuiloza chala. Achinyamata pamsika akusutabe, ndudu zawo zogula, osati za m'makope. Ndikawauza za agogo amaseka monga ndinkasekera ine. Abusa ena anandifunsa ngati ndinalapa bodza limene ndinkanamiza nkhalamba yodwala. Ndinati ayi abusa, ndipo agogo atati adzuke lero, kachidutswa kaja ndikadali nako.