Tiyi amene anamuiwala kudulira

Amalume, lero ndadutsa m'munda anthu akudulira tiyi, ndipo kulira kwa mipeni kwandikumbutsa inu. Tsiku lina mukuweruka munanditengera kuseri kwa fakitale, n'kundionetsa mtengo wautali kuposa denga la nyumba yathu. Munandifunsa dzina lake, ine osaudziwa. Munaseka kuti, "Ndi tiyi ameneyu mwanawe, anangomuiwala. Enawa timawadula m'chiuno kuti otchola asavutike."

Dzulo abwana anandikaniza tchuthi chopita kusukulu ya unamwino. Akuti mvula ikayamba ntchito ichuluka, ndidikire chaka chamawa adzandipatsa ukapitawo. Chaka chatha ananenanso zomwezo. Ndinawayankha pamaso kuti ine ndikupita, ntchito yawoyo asunge. Amayi akulira kuti nyumba ya kampani atilanda. Atilande! Inu munawadulira tiyi mpaka msana kupindika, koma titangokuikani m'manda, mpeni wanu anapatsa wina, ntchito n'kumapitirira ngati simunakhaleko.

Mantha ndili nawo, sindikunamizani. Koma gonani mumtendere, amalume. Ine sandidula m'chiuno.