Mkulu Wosunga Mwaye M'chitini

Mkulu woyandikana nane kuno kumpoto kwa Greenland ndi amene amasintha timapepala tosefera mpweya m'kanyumba ka asayansi pamwamba pa phiri. Lolemba lililonse amakwera wapansi, mawondo akulira, kuopa kuti utsi wa njinga yamoto ungadetse kapepalako. Fodya anasiya pa chifukwa chomwecho. Ife timawaseka kuti anakwatira makina.

Mwaye amauzindikira ngati munthu. Kapepala kakafiirira amati, "Nkhalango za ku Canada zikupsa." Kakada bii amati, "Awa ndi mafuta a sitima." Kuphonya ndi kamodzikamodzi.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wasayansi wochokera ku Copenhagen, ndipo ine ndinaperekeza iyeyo ndi mkuluyo kuphiriko. Mtsikanayo anayala timapepala pathebulo, takuda kwambiri n'kukankhira pambali.

"Iti titaye, bambo. Masiku amenewa mphepo inkachokera kumudzi. Ndi utsi wa kudzala kwanu kotentherako zinyalala ndi wa injini ya magetsi. Ife tikufuna wochokera kutali."

Mkuluyo anali atangoika m'manda akazi awo, mayi Arnaaraq, amene anatsokomola nyengo yonse yozizira mpaka kulavula magazi. Sanakalipe. Anakhuthula chitini chawo cha khofi, n'kutolera timapepalato modekha.

"Usataye, mwanangu," anatero. "Wakutaliwo tenga, ndi wanu. Uwu ndi umene mkazi wanga ankapuma."

Chitinicho chimakhala pawindo lawo loyang'ana kudzala, kumene moto suzima. Chatsala pang'ono kudzaza, ndipo mkuluyo nayenso wayamba kutsokomola.