Jagi ya Madzi Pambali pa Sofa

Wailesi yakanema ya ku England si yoonera limodzi ndi mwana wako wamkazi. Mwakhala bwinobwino, mukuti nkhani yake ndi yabwino, mwadzidzidzi anthu ayamba kudyana milomo. Ine ndinkayamba kukhosomola, kusakasaka rimoti pansi pa khushoni, kapena kumutuma mwana madzi akumwa pomwe ludzu ndilibe. Mwanayo anandizindikira msanga. Tsiku lina anabwera ndi jagi yodzaza filimu isanayambe, n'kuiika pambali panga. Anandiuza m'Chingelezi chake chija kuti: "Dadi, madzi ndi awa, lero musanditume." Ndinaseka, koma manyazi anandigwira.

Tinkakhala ku Spinney Hill, ku Leicester, m'nyumba zogundana zija zoti mnzako akayetsemula kwake iwe umamva. Mayi ake a mwanayo anali nesi kuchipatala, ine ndinkasamalira okalamba, ndipo mashifiti athu ankangopishana pakhomo. Nthawi yokhayo yomwe ndinali nayo ndi mwana wanga, yemwe anali mmodzi yekhayo, inali Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi.

Makatuni a ku Japan anawabweretsa ndi iyeyo, atabwereka kulaibulale. Poyamba ndinakwiya. Munthu wamkulu ngati ine, wa imvi, kuonera zidole? Koma ndinakhala pansi, ndipo rimoti sindinaikhudze mpaka kumapeto. Munalibe chochititsa manyazi. Kamtsikana kakupalasa njinga kupita kusukulu, mvula ikugwa pamalata, sitima ikudutsa m'minda ya mpunga yofanana ndi ya ku Domasi. Anthu akuvula nsapato pakhomo, ana akuweramira akulu. Nkhani zake zinali za atsikana amene akukula, wina makolo asamukira kutauni ina, wina wayambana ndi mnzake, ndipo palibe amene ankawaopseza. Amangokula, basi.

Chinakhala chizolowezi. Iye ankakhala pakati pa sofa, mapazi ozizira atawalowetsa pansi pa mwendo wanga, mutu paphewa langa. Zikafika pachisoni ankapukutira mamina pajuzi yanga, ine n'kumukalipira mwabodza. Ankandifotokozera zomwe sindinamve, ndipo m'kufotokozamo ndimo ndinkamvera zake: amene akumuseka m'kalasi chifukwa cha tsitsi, mphunzitsi amene akumukonda. Ndikamulankhula Chichewa ankamva zonse koma ankayankha Chingelezi. Ndinkamunyengerera kuti angonena liwu limodzi lokha la kwathu, iye n'kumati lilime lake likukana.

Ndiye mwana anatha msinkhu. Ine sanandiuze, zoterezi bambo sauzidwa. Ndinangoona Loweruka lina m'mawa pakhomo pafika amayi a kutchalitchi, awiri ochokera ku Derby ndi wina wa ku Zambia wokhala ku Nottingham, atavala zitenje pamwamba pa majekete. Kwathu mayi salangiza mwana wake, amaitana anzake. Wamkulu wawo anandiyang'ana ngati ndine mlendo m'nyumba yanga yomwe.

"Abambo, takayendaniko pang'ono. Zatsala muno ndi za amayi."

Ndinatuluka. Ndinakagula nyama ya mbuzi kubutchala ya Asilamu monga anandituma mkazi wanga, ndinazungulira m'paki mphepo ikundimenya, kenako ndinadutsa kulaibulale kukatenga filimu ya mawa lake. Ndinali wokondwa, chitsiru ine! Ndinkati mwana wanga wakula.

Pobwera ndinamupeza mwanayo atakhala pakapeti, miyendo atatambalala, atamanga chitenje, maso ali psuu. Amayi aja anali pasofa pathu akumwa tiyi. Wamkulu uja anamukodola ndi chala, mwana wanga n'kuyenda ndi mawondo kudzalandira jumbo ya nyama m'manja mwanga, osandiyang'ana kumaso. Amayiwo anaomba m'manja, wina mpaka kanthungululu ka pansipansi kuopa aneba.

Zomwe anamuuza ndinazimva pang'onopang'ono kwa mayi ake, nditachita kuwaumiriza. Asathire mchere m'ndiwo masiku ake akafika. Asalowenso kuchipinda kwa makolo. Asakhale mpando umodzi ndi bambo ake, asawakhudze, asaseke nawo motsegula mano, chifukwa bambo ndi mwamuna ngati amuna ena onse. Ndipo zidole azisiye, ndi wamkulu tsopano.

Mwamuna ngati amuna ena onse! Ine amene ndinkamusintha matewera mayi ake ali kunaiti, ine amene ndinaphunzira kuluka tsitsi pafoni kuti asapite kusukulu ali nyankhalala. Anthu atatu akwera basi kuchokera kutali kudzauza mwana wanga kuti azindiopa, atha tiyi wanga, n'kumapita.

Ndinayambana nawo mayi ake tsiku lomwelo. Iwo anati: "Abambo, zinthu za amayi musalowerere. Alongo anu sanalangizidwe? Ine sindinalangizidwe? Mukufuna akule ngati ana a azungu?"

N'zoona, alongo anga analangizidwa, ndipo sindinaonepo cholakwika. Koma mlongo wanga atachoka pafupi ndi bambo athu anapita kwa azakhali, kwa asuweni, kukhitchini kodzaza akazi akuseka. Bwalo lonse linamulandira. Nanga kuno mwana akachoka pambali pa bambo ake apita kwa ndani? Mayi ake ali kushifiti. Amayi olangiza aja ali ku Derby ndi ku Nottingham, sanaimbe ngakhale foni kufunsa kuti namwali wawo wadzuka bwanji. Mwambo tinaunyamula m'sutikesi, koma anthu ake tinawasiya kumudzi. Mwana wanga anangokwera masitepe n'kudzitsekera kuchipinda.

Ndinayesa kumuuza kuti za sofa zija asazitengere. Ndinaima kunja kwa chitseko chake n'kumalankhula ndi thabwa. Anayankha mwaulemu kuti wamva. Koma mwana akauzidwa ndi akuluakulu atatu kuti thupi lake ndi ngozi ndipo bambo ake nawonso ndi ngozi, mawu a bambo yemweyo angafufute chiyani?

Lamlungu lotsatira mayi ake anali kuntchito. Ndinaika filimu ija, ndinakweza voliyumu dala kuti nyimbo yake ikwere masitepe, ndinakhala kumapeto kwa sofa n'kusiya pakati mpata. Pakanema kamtsikana kanali pasiteshoni ndi bambo ake, akugawana ambulera imodzi. Ndinamva chitseko chikutseguka kumwamba, mapazi akutsika, kenako mpopi ukutuluka madzi kukhitchini. Ndinachotsa khushoni pamalo pomwe iye ankakonda kukhala.

Analowa atamanga chitenje, atanyamula jagi ija ndi manja awiri. Anagwada patali, naikankhira pafupi ndi phazi langa. Maso ake anapita pakanema kamphindi, ndinawaona. Kenako anaweramitsa mutu, n'kulankhula Chichewa chomveka bwino, chomwe ndinakhala ndikumupempha kuyambira ali wakhanda.

"Madzi awa, bambo. Pali china choti ndikuchitireni?"

Ndinati palibe. Anadzuka n'kubwerera kumwamba, ndipo filimuyo ndinaimaliza ndekha.