Mzere Umodzi pa Pepala la a Nefitali

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinaitumiza Lolemba la sabata imene koleji inatsegula khoma la mayina a osewera ake otchuka, zaka zinayi zapitazo. Yachiwiri ndinaitumiza Khirisimasi ya chaka chomwecho itangodutsa. Pofika lero makalata akwana asanu ndi awiri, ndipo onse makope ake ndili nawo, pamodzi ndi timapepala ta ku positi tosonyeza kuti anafika ndipo wina anasainira. Mayankho ndalandira atatu. Awiri ndi ofanana mawu ndi mawu. Yankho lachitatu linandithokoza chifukwa chokonda masewera.

Ine masewera sindiwakonda. Ndimakonda a Nefitali, ndipo nkhani yawo ndi iyi. Dzina la kolejiyo sinditchula pano, eni ake akudzidziwa. Si sukulu yotchuka ija imene aliyense amaganizira akamva za mzinda wa South Bend kuno ku Indiana, koma koleji yaing'ono chapafupi pomwepo.

Ndikakumbukira a Nefitali, ndimamva fungo la utsi wa masamba ouma amene anthu ankawotcha m'mphepete mwa msewu kuzizira kukamayandikira, litasakanikirana ndi fungo loswa mphuno la mankhwala opaka minofu, limene linkatsika pamasitepe eni ake asanatsike. Ndinali ndi zaka khumi. Bambo anga anabwera kudzaphunzira za uphunzitsi, natitenga ine ndi amayi. Tinkakhala pansi m'nyumba yamatabwa yosanja, a Nefitali ankachita lendi kachipinda ka pamwamba, ndipo m'mawa uliwonse matabwa ankalira pamutu pathu iwo akamadumphadumpha kuwongola miyendo. Anthu olankhula Chichewa amene tinkawadziwa mumzinda wonsewo tinali anayi, tonse denga limodzi. Pachibale sitinali. Iwo kwawo kunali ku Ntcheu, ife ku Dowa. Koma bambo ankawatcha mng'ono wawo, amayi ankati alamu, ine ndinkati ankolo.

A Nefitali anabwera kudzaphunzira sayansi. Kochi wa mpira wa kuno, uja wooneka ngati papaya umene amathamanga nawo m'manja, anawaona pa mpikisano wothamanga wa ophunzira ndipo sanawasiyenso. Ntchito anali nazo ziwiri. Yoyamba amati konabaki. Umaima kumapeto kwa mzere, moyang'anizana ndi mnyamata waliwiro kwambiri wa timu inayo, umayamba kuthamanga chambuyo maso ali pachiuno pake, ndipo mpira ukaponyedwa uonetsetse kuti asauwakhe. Yachiwiri ndi imene inkadzaza anthu pabwalo. Timu inayo ikalephera kupita patsogolo imamenya mpira m'mwamba, kutali, ndipo munthu mmodzi amaima yekhayekha kumbuyo kuudikira, nkhope ili kumwamba, uku anyamata onga ng'ombe akuthamangira pa iye. Malamulo amalola kukweza dzanja, kusonyeza kuti ndingowakha chabe, musandigunde. A Nefitali dzanja ankakweza mwa apo ndi apo. Kawirikawiri ankawakha n'kuuyamba ulendo, akupinda uku ndi uku, anthu m'mabenchi ataimirira. Zodula za m'nyuzipepala ya kolejiyo ndili nazo khumi ndi ziwiri, ndipo pa zinayi pali chithunzi chawo.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankanditengera kuseri kwa nyumba, pakati pa zingwe zoyanikira zovala ndi mpanda, kukandiphunzitsa kuwakha. Ankaumenya mpirawo mpaka kupitirira denga, ine ndinkazungulirazungulira pansi pake, ndipo ukatsala pang'ono kufika ndinkatsinzina.

"Alamu, mwanayo mundithyolera," ankatero amayi pawindo.

"Ameneyu sangathyoke, alamu. Iye ndi mpira sanakumanepo chiyambire."

Tsiku lina ndinawafunsa ngati iwo saopa.

"Ndimaopa kwambiri," anatero. "Koma mantha ndimawauza kuti adikire kaye, ndili ndi mlendo akuchokera kumwamba."

Bambo anamwalira Lachinayi m'mawa, m'mwezi wa Novembala. Anawerama kuti amange zingwe za nsapato, osadzukanso. Kuchipatala anati mtima. Imeneyo inali sabata ya masewera omaliza a chaka chomaliza cha a Nefitali, ndipo timu ikanapambana ikanatenga chikho cha makoleji a dera lawo. Masewerawo anali Loweruka, kutali, ndipo basi inkanyamuka Lachisanu masana.

Titabwerako kuchipatala a Nefitali anavula jekete n'kuyamba kutulutsa mipando. Sofa anaikoka okha mpaka pakhonde, tebulo analiimika kukhoma, pansi anayala mabulangete kuti amayi akhalepo. Mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe anaima pampanda nafunsa ngati tikusamuka. Anamuyankha kuti ayi, tili ndi maliro. Mayiyo anapepesa, anabweretsa chakudya m'mbale yovundikira, anakhala mphindi khumi napita. Sindimunena, ndiwo mwambo wawo. Kuno maliro ndi ola limodzi la tsiku loika. Kwathu maliro amayamba pamene munthu watsirizika, ndipo namfedwa sasiyidwa yekha mpaka dothi litatsekedwa. Kumudzi nyumba ikanadzaza, amayi mkati, abambo panja. Ku South Bend mudzi wonse unali munthu mmodzi wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anatenga mpando wamatabwa nauika pakhomo, kunja, m'chisanu, poti mwamuna sakhala m'chipinda chimene mayi akulira. Chitseko anachisiya chotsegula pang'ono kuti amayi aziona kuti pali munthu.

Lachisanu m'mawa anapempha mayi wina wa ku tchalitchi kuti akhale nafe, iwo napita kwa kochi. Zimene zinakambidwa kumeneko anandiuza patapita zaka zambiri, ndipo ndinazilemba tsiku lomwelo.

"Bwana, kunyumba kwagwa maliro."

"Ndi m'bale wako?"

"Ndi wakwathu."

"Ndafunsa ngati ndi m'bale wako."

"Sitinabadwe nyumba imodzi, bwana."

"Aika liti?"

"Lolemba."

"Ndiye vuto lili pati? Tikasewere, tibwereko, Lolemba ukalire. Basi inyamuka ikamakwana thwelofu."

A Nefitali anaima manja ali kumbuyo, maso pansi. Anathokoza, natuluka. Pamenepa pokha ndi pamene ndimavomereza kuti mbali yathu inalakwa, ndipo m'makalata anga onse sindinabise. Mwana wa ku Ntcheu woleredwa bwino sauza munthu wamkulu pamaso kuti ayi, sindibwera. Iwo ankaganiza kuti atanena za maliro anena zonse. Kochi ankaganiza kuti mnyamata wavomera. Basi inawadikira theka la ola.

Loweruka masana ndinatuluka mozemba. Ndinali nditatopa ndi kulira kwa amayi, ndipo mwamuna wa mayi woyandikana nafe uja anali atatsegula wailesi m'galaja mwake akukonza galimoto. Ndinaima pakhomo la galajayo kumvetsera. Chakumapeto mpira unamenyedwa m'mwamba, mnyamata amene anaikidwa pamalo pa a Nefitali anaugwetsa, timu inayo inautola, ndipo nkhani inathera pomwepo. Bamboyo anaponya sipanala pansi natukwana. Ndinathamangira kunyumba.

"Ankolo, aluza. Wagwetsa mpira uja."

Anali pampando paja, atafunda bulangete m'mapewa. Anayang'ana kumsewu.

"Unapita kuti?"

"Kukamvera wailesi."

"Bambo ako agona ku mochale, mayi ako ali pansi umo. Lowa ukhale nawo pafupi. Za mpira atiuza ena."

Lolemba ananyamula nawo bokosi, kutsogolo, dzanja lamanja. Pepala la mwambo wa maliro ndili nalo, ndipo dzina lawo lili pamwamba pa onyamula. Chaka chotsatira ine ndi amayi tinabwerera ku Dowa. Ndinakula ndikudziwa kuti ankolo anali katswiri, koma kuti masiku anayi aja anawadyera chiyani, sindinkadziwa. Makalata awo kwa amayi ankangonena za chipale chofewa ndi za mayeso.

Ndinabwereranso ku Indiana ndili bambo wa ana awiri, ndipo ndinawapeza ku Indianapolis akugwira ntchito yojambula mafupa pachipatala china. Za mpira sankayamba okha. Zaka zisanu zapitazo miyendo itayamba kukana, tinawasamutsa kuchoka kunyumba kwawo ku Lawrence kupita kwa mwana wawo ku Beech Grove, madera a ku Indianapolis komweko, ndipo ntchito yosanja mapepala anandipatsa ine, poti aliyense amadziwa kuti sinditaya ngakhale envulopu. M'Baibulo lakale, pakati pa Masalimo, ndinapeza kalata ya ku koleji yopindidwa kanayi. Mzere wake waukulu unali umodzi: wosewerayu wachoka m'timu popanda chilolezo. Chifukwa cha mzere umenewo sanaitanidwe ku phwando lotsazika osewera, jekete imene anzawo onse analandira iwo sanalandire, ndipo khoma lija litamangidwa dzina lawo silinalembedwe, poti lamulo lake limati wolembedwapo akhale amene anamaliza chaka mwaulemu.

Mwaulemu. Munthu amene anakhala masiku anayi pakhomo la mkazi wamasiye, m'chisanu cha Novembala, akuti sanamalize mwaulemu.

Nditawaonetsa kalatayo anaseka.

"Iwe ndi mapepala ako. Kochiyo anafa kalekale. Ukasumira manda?"

"Ndisumira amoyo amene akusunga bodzali, ankolo."

"Siya. Ndadya zaka zonsezi popanda jekete."

Mwina ndikanasiyadi. Koma kolejiyo inaika mabuku ake akale pa intaneti, ndipo mdzukulu wawo Tamanda, wa zaka khumi ndi zinayi, amene amathamanga pasukulu pake, anakafufuza dzina la agogo ake. Ndinalipo Lamlungu limenelo. Mtsikanayo Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anabwera ndi foni pabalaza, naima patsogolo pa mpando wawo, nafunsa m'Chingerezi chakecho ngati n'zoona kuti iwo anathawa timu tsiku la masewera aakulu.

"Alemba choncho?" anafunsa a Nefitali.

Mwanayo anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti ndi choncho, mama."

Sanawonjezere kanthu, poti kufotokoza kukanakhala kudzitama ndi maliro a munthu wina. Ine ndinafotokoza, ndipo Tamanda anamvetsera mwaulemu, koma maso ake ankabwerera pafoni. Ana a kuno amakhulupirira cholembedwa, ndipo pamenepo sindiwatsutsa, inenso ndine wotero. Madzulo ake ndikutsazika, a Nefitali anandigwira pamkono.

"Kalata zako zija, amayankha?"

"Amayankha zopanda mutu."

"Lembanso," anatero, akuyang'ana kumbali.

Mwezi watha ndinaimba foni ku ofesi ya zamasewera. Anayankha mtsikana waulemu ndithu. Anati mbiri yakale sasintha popanda umboni. Ndinamuuza kuti umboni ndinatumiza kasanu ndi kawiri: chikalata cha imfa ya bambo anga, pepala la mwambo wa maliro, kalata ya abusa a nthawi imeneyo, ndi mawu a amayi anga amene analemba ndi dzanja lawo asanamwalire. Anati aona ngati fayilo ilipo. Kenaka anafunsa, ndipo mawu ake ndinawalemba, ngati womwalirayo anali wa m'banja la wosewerayo. Zaka makumi asanu zapita, funso likadali lomwe lija. Ndinamuyankha kuti womwalirayo anali bambo anga, ndipo patsiku limenelo m'dziko lonse lino ine ndi amayi tinalibe wina wa m'banja koposa wosewerayo. Anati andiimbiranso. Sanaimbe.

A Nefitali tsopano diso lamanzere siliona, ndipo lamanja adokotala akuti likutsatira. Amawerenga ndi galasi lokulitsa zilembo, mzere umodzi n'kupuma. N'chifukwa chake nkhaniyi ndailemba poyera, m'chinenero chathu, kuti aliyense wa ife amene anagonapo pamaliro a munthu wosakhala m'bale wake, ku Speedway, ku Lawrence kapena kwina kulikonse, adziwe zimene pepala la kuno limatcha khalidwe limeneli. Ndaimasuliranso m'Chingerezi, ndipo ipita ku koleji ngati kalata yachisanu ndi chitatu.

Kwa komiti yosunga mbiri ya zamasewera pakolejiyo, ndikupempha mwaulemu izi. Mzere wonena kuti a Nefitali anachoka m'timu popanda chilolezo uwonjezeredwe mawu oona, onena kuti anajomba masewera amodzi chifukwa anali pamaliro, ndipo anadziwitsa kochi tsiku lonyamuka. Kukonzako kuonekenso pa intaneti, pamalo pomwe mdzukulu wawo anawerenga. Za khoma ndi za jekete muona nokha. Yankho likhale lolembedwa, losainidwa ndi munthu amene ali ndi dzina ndi udindo, ndipo lifike mwezi uno usanathe. Mulilembe m'zilembo zikuluzikulu, kuti mwini wake aliwerenge yekha.