Mapepala a Simenti a Bambo Stambuli

A Stambuli anali mlonda wa nkhalango ya paini pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo m'chaka cha 1997 ndi amene anali wamkulu kuposa onse m'kalasi langa la Chingerezi. Ine ndine Clara. Ndinkaphunzitsa akuluakulu masana, ana akaweruka, pa sukulu ina kufupi ndi Masongola. Ambiri anali amesenjala ndi makalaliki ofuna satifiketi kuti akwezedwe pantchito. A Stambuli okha ndi amene anakana kulembetsa mayeso. Nanga munthu wa imvi mbuu, sukulu anailekezera Sitandade 3 kwawo ku Malosa, Chingerezi akuchifuniranji tsopano?

Sindinawakonde, ndinene zoona. Lolemba ndi Lachinayi ankatsika phiri lonse lija wapansi, n'kufika akununkhira utomoni, koma nsapato zili phuliphuli. Ankakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndikalowa ankaima njo, zidendene pamodzi, ndipo ndinkaona milomo yawo ikuwerenga anthu mmodzimmodzi. Mtima wanga unkati munthu uyu watumidwa.

Musandiseke, ndinali ndi chifukwa. Bambo anga a Tobias anali mphunzitsi wa mbiri ya maiko. Mu 1977, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, anaphunzitsa za mmene Afalansa anachotsera mfumu yawo, wina m'kalasimo n'kukanena. Galimoto inabwera m'mawa, iwo ali ndi sopo kumaso, ndipo sitinawaonenso. Zipani zambiri zitabwera, ena anatuluka m'ndende, owonda koma amoyo. Athu ayi. Mayi ku Matawale anakana kulira maliro opanda manda, ndipo jekete la bambo ankaliyanikabe padzuwa mwezi ndi mwezi. Chimene ndinkafuna pa dziko lino chinali chimodzi: mayi adziwe pamene mwamuna wawo wagona, iwonso asanapite. Ukalumidwa ndi chakuda umaopa ndi khala lomwe, choncho aliyense wokhala kumbuyo kwa kalasi ndinkamuyang'ana kawiri.

Tsiku lina ndikuyendera makope, ndinaima pa desiki yawo. Anajambula mtengo. Kumizu analemba liwu lakuti "slave", panthambi "slavery" ndi "enslave", ndipo pansi pake chiganizo chonena za zombo zonyamula akapolo kupita ku Amereka. Patsamba lina panali mtengo wa "king", wokhala ndi nkhani ya Aroma. Zimenezi sindinawaphunzitse ine. Ndipo pa nthambi iliyonse imene anakhoza anajambulapo kambalame. Mphunzitsi mmodzi yekha, bambo anga, ndi amene ankachonga ndi timbalame m'malo mwa kuchonga kwa nthawi zonse, ndipo makope anga a ku pulayimale anali odzaza ndi timbalame timeneto.

"Bambo Stambuli, anakuphunzitsani ndani kujambula chonchi?"

"Mphunzitsi wina, kalekale."

"Kuti?"

"Kuchigwa uko," anatero, maso ali pa desiki.

Poweruka ndinakoka a Cuthbert, mesenjala wodziwa za aliyense m'tauni muno. Iwo anayang'ana uku ndi uku asanayankhe, ngakhale kuti masiku onong'ona anali atatha.

"Simudziwa, aphunzitsi? Amenewo anali oyang'anira akaidi, kundende ija ankasungirako a ndale. Makiyi ankakhala m'chiuno mwawomo."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwalonda. Ndinaona kuti tsiku lililonse pomaliza ankabwera ndi liwu limodzi lolembedwa pachikhatho, n'kufunsa tanthauzo. Limodzi basi, osati chiganizo, ndipo silinkachokera m'buku lathu. Ndikawauza ankanyambita chala n'kufufuta. Ndinayamba kulemba mawuwo kuseri kwa rejisitala. Lina linali lotanthauza munthu wonyamula kalata. Lina mwana wamkazi. Lina bulangete. Aa, ndiye munthu ukuwerenga chiyani chimene sungaonetse mphunzitsi wako? Ndinaganiza zambiri, zina zopusa. Ndinaganiza kuti ali ndi lipoti lonena za banja lathu, ndipo mwana wamkazi akutchulidwamo ndine.

Loweruka ndinakwera phiri osauza mayi. Ndinadzera kanjira ka ogulitsa mbatata, ndikupatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni. Pamwamba panali chifunga, mapaini akudontha madzi ngakhale kunalibe mvula. Nyumba yawo inali kakhumbi ka matabwa m'mphepete mwa msewu wotchinga moto. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhomo. Atandiona anaima njo, mpeni uli m'manja.

"Ndinkadziwa kuti mubwera, mwana wa a Tobias."

Dzina limenelo sindinalitchulepo m'kalasi. Mkwiyo unandigwira.

"Ndiye mwakhala mukundidziwa miyezi yonseyi, n'kumandiyang'ana ngati chitsiru?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri. Munali zidutswa za mapepala a matumba a simenti, zofewa ndi ukalamba, chilichonse chili ndi mtengo wake ndi timbalame take. Dzanja la bambo. Ndinakhala pansi pa chitsa chonyowa, osasamala za diresi.

Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Ntchito ya kundende anailowa ali mnyamata chifukwa cha yunifolomu ndi ufa wa pamwezi. Bambo anga anali m'chipinda chakumapeto, ndipo anaona kuti msilikali wawo sankatha kuwerenga chikwangwani cha pakhoma. Anayamba kuwaphunzitsa kudzera pakazenera ka chitseko, liwu limodzi patsiku, lililonse ndi nkhani yake ya maiko akutali.

"Ankati munthu saiwala liwu limene lili ndi nkhani. Ine za Aroma ndi za Ajeremani ndinazimvera pakazenera."

Pensulo anabweretsa ndi a Stambuli, mapepala ankatola pamene amisiri ankamanga mpanda. Lamulo linali loti pepala lililonse lopezeka ndi mkaidi liwotchedwe, koma iwo ankabisa m'nsapato.

"Ndiye mu Juni wa 1979 kunachitika chipikisheni, pensulo n'kupezeka. Bwana anafunsa kuti wabweretsa ndani. Bambo anu anakhala chete. Inenso ndinakhala chete. Bwana anati ndiwalande bulangete, ndithire madzi pansi. Ndinachita. Chifuwa chinawagwira, sabata ziwiri sizinathe."

Ndinafuna kuwamenya ndi chitinicho. Munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga, koma ndikanatha.

Pansi penipeni pa chitini panali pepala lopindidwa kanayi. Limeneli linalibe mtengo. Linali kalata, mizere yothithikana mbali zonse, m'Chingerezi cha aphunzitsi akale.

"Anandipatsa kutatsala masiku atatu kuti amwalire. Anati ndikapereke kwanu."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, bambo. Matawale ndi apa, mukumuona pansipo chifunga chikachoka."

"Poyamba ndinkaopa chingwe. Zinthu zitasintha ndinkaopa kalatayo. Dzina langa lilimo, ndinaliona. Ndinati ndiyambe ndamva ndekha zimene anandinenera, paja mlandu suola. Kufunsa munthu sindikanatha, angakanene. Ndinati mwana wawo yemwe andiphunzitse mawu ake limodzilimodzi. Koma liwu lija la bulangete mutandiuza, ndakhala osadya bwino. Atsala mawu makumi atatu, ndipo mphamvu zandithera."

Ndinawerenga ndili chiimire, nditawafulatira. Zambiri zinali za mayi, ndipo zimenezo ndi za mayi. Panali za ine, kuti ndisasiye sukulu. Kumapeto kwenikweni, dzanja likuoneka kuti linkanjenjemera, analemba kuti wonyamula kalatayi ndi wophunzira wawo, kuti bulangete analanda mochita kutumidwa, ndipo akafika pakhomo tisamuimbe mlandu, timupatse tiyi.

Zinandipweteka kuposa mmene zikanandipwetekera akanawatemberera. Chikhululukiro chinali m'chitini zaka zonsezi, mwini wake akuchiopa, ife tikuyanika jekete.

"Ndilimo, eti?" anafunsa kumbuyo kwanga.

"Mulimo."

"Akuti chiyani?"

Ndinapinda kalata n'kuiika m'chikwama. Nanenso ndili ndi nkhanza zanga.

"Choyamba manda. Mukuwadziwa?"

"Ndinakumba nawo. Ndinabzalapo nkhadze kumutu."

Lachiwiri tinapita atatu, ine, mayi ndi iwo. Basi inatisiya pamsewu wafumbi, n'kuyenda wapansi kudutsa minda ya nandolo. Njira yonse ndinkawakayikirabe. Nanga akatiloza chulu chilichonse kuti angomva za m'kalata? Koma sanafunse njira kwa munthu. Anawerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa m'bawa, n'kukaima pa nkhadze yaitali kuposa nyumba, yokhayokha pakati pa thengo. Anafukula ndi manja patsinde pake n'kutulutsa botolo, mkati muli kapepala ka dzina la bambo ndi tsiku, m'zilembo zokhotakhota za munthu wongophunzira kumene. Mayi anagwada, n'kuyala jekete lija padothi, n'kulira kulira kumene sindinakumvepo. A Stambuli anaima patali, chipewa chili pachifuwa.

Titabwerera ku Matawale ndinawauza kuti adikire pakhonde. M'chipinda ndinawerengera mayi kalata yonse m'Chinyanja, osadumpha kanthu, ndipo ndinawauzanso za pensulo ndi za madzi. Kenako mayi anadzuka n'kukoleza mbaula.

Anatulutsa kapu ya bambo, imene palibe ankaigwira, n'kuiika pa kampando patsogolo pa mlendo. A Stambuli anayang'ana kapuyo, n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, ndaonetsa manda. Akuti chiyani za ine?"

"Imwani tiyi," ndinatero. "Ndi zimene analemba. Anati mukafika tisakuimbeni mlandu, tikupatseni tiyi."

Atanyamula kapuyo, tiyi pang'ono anatayikira pa nsapato zopukuta zija. Mayi anakhala pamphasa moyang'anizana nawo, n'kuyankhula mosakweza mawu.

"Imwani ndithu, bambo, mwini wake analamula. Koma tiyi ameneyu mukanamwa mu 1979. Ine ndikanalira ndili ndi mphamvu."

A Stambuli anamwa yense, wotentha choncho, misozi ikugwera m'kapu. Ine ndinali nditagwira chitini cha shuga, ndipo sindinawathirire.