Bambo wa chipewa pa botolo la maluwa

Kuseri kwa nyumba yanga ku Chiuaula kumakhala bambo ena achikulire ojambula maluwa, amene anthu amawatchula kuti Mestre, kutanthauza katswiri. Sajambula china chilichonse, ndipo maluwa ongothyola kumene amawakana. "Duwa la lero limanama," amatero. "Lidikireni liyambe kuwerama, pamenepo ndiye linena zoona."

Amayamba apaka nsalu yonse utoto wakuda, kenaka n'kumatulutsa maluwa mumdimamo limodzilimodzi, kuwala kukulowera pa zenera limodzi lokha. Duwa losamasula, akuti, ndi mwana, ndipo loyoyoka ndi munthu amene watsanzika kale. Pomaliza amajambula botolo loikamo maluwawo, pamodzi ndi chilichonse chimene chikuoneka pagalasi pake ngati pa kalilole.

Mwezi wathawu Dona Brígida, mphunzitsi wa ku Chimbonila, anabwera ndi maluwa otsala pa maliro a amuna awo kuti ajambulidwe asanaume. Tsiku lodzatenga chithunzicho ine ndinalipo. Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kusendeza nkhope pafupi ndi botolo lojambulidwalo. Pagalasi pa botololo pankaoneka kazenera, ndipo pakazenerapo panaima bambo wa chipewa, phewa limodzi lotsika.

"Mestre, amuna anga munawadziwira kuti?" anafunsa mayiwo.

"Sindiwadziwa, mayi," anayankha mkuluyo akupukuta burashi yake. "Amangobwera m'mawa uliwonse n'kuima pamenepo. Ndinawapempha kuti asunthe pang'ono chifukwa amatchinga kuwala, koma anakana."